Streif: njira yotsikira phiri imene ili ndi dzina ndi mbiri yake

Kalata ya lero yachokera kwa mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina kufupi ndi pa Ngabu. Akuti ana a Fomu 3 anabwera ndi kavidiyo ka pa foni, kosonyeza mwamuna atavala chipewa cholimba, atamangirira matabwa awiri aatali kumapazi, akutsika phiri loyera mbee pa liwiro losaneneka, kenako n'kuuluka, n'kugwa, n'kukathera mu ukonde. Pansi pa kavidiyoko panalembedwa mawu awiri okha: Streif, Kitzbühel. Kalasi inagawanika, ena akuti n'zopanga pa kompyuta, ena akuti n'zenizeni. Ndiye aphunzitsiwo afunsa kuti: "Kodi Streif ndi phiri, mpikisano kapena munthu? Ngati ndi njira, njira ya m'phiri ingakhale bwanji ndi mbiri? Nanga wopambana amapambana ndi luso, kapena amangokhala amene alibe mantha?"

Aphunzitsi, zikomo polemba, ndipo muwauze anawo kuti zimene anaonazo n'zenizeni. Streif ndi njira. Phirilo ndi Hahnenkamm, ndipo patsinde pake pali tauni yaing'ono ya Kitzbühel, m'chigawo cha Tyrol m'dziko la Austria. Chaka ndi chaka mu Januwale, pamene kuno tili pakati pa dzinja, tikuyang'ana ngati Shire, Mwanza ndi Ruo sasefukira, kumeneko kumakhala kuli chisanu choopsa, ndipo akatswiri a masewera otsetsereka pa chipale chofewa amasonkhana kudzapikisana pa njira imeneyi. Matabwa aja amatchedwa ma ski. Mtundu wa mpikisano munaonawo ndi downhill: munthu mmodzi pa nthawi, kutsika kamodzi kokha, amene watenga nthawi yochepa ndiye wapambana.

Popeza ndinu a jogalafe, tiyambe ndi manambala. Njirayi ndi yotalika mamita 3,312. Imayambira pamalo okwera mamita 1,665 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, n'kukathera pa mamita 805. Ndiye kuti munthu amatsika mamita 860. Tonse a kuno kuchigwa timaudziwa msewu wochokera ku Blantyre kutsetserekera pa Thabwa mpaka pa mlatho wa Kamuzu. Blantyre ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000, Chikwawa ali cha m'ma 100, choncho minibasi imene timakwera imatsika pafupifupi mofanana ndi Streif. Koma msewu wathu umakhotakhota makilomita ambirimbiri kuti galimoto isalowe liwiro, dalaivala atagwira giya, mabuleki akununkha. Tengani kutsika konseko, mukupanikize mu makilomita atatu ndi kachidutswa, pansi mukute ndi madzi oundana, ndiye munthu atsikepo ataimirira, pasanathe mphindi ziwiri. Amene anatsika mwachangu kuposa wina aliyense ndi Fritz Strobl wa ku Austria, mu 1997: mphindi imodzi, masekondi 51.58. Mukawerengera, ndi makilomita pafupifupi 107 pa ola kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuphatikizapo makona onse.

Mwana wina adzafunsa kuti nanga bwanji Sapitwa, amene ali pa mamita 3,002, sagwa chipale chotere. Yankho mukulidziwa kuposa ine: kutalika kwa phiri pakokha sikukwanira, Kitzbühel ili kutali kwambiri kumpoto kwa equator, kumene dzuwa la Januwale limangodutsa m'munsi n'kulowa msanga. Muwakumbutsenso kuti chipale chofewa si matalala. Matalala ndi timiyala, chipale chimagwa mopepuka n'kumaunjikana.

Tsopano za mbiri. Phiri n'lachilengedwe, zoona, koma njira ndi ya anthu. Kitzbühel kale inali tauni ya migodi ya siliva ndi kopa, ndipo migodi itazilala anthu anatsala ndi ng'ombe ndi mitengo. Mu 1893 munthu wa m'tauniyo, Franz Reisch, atapeza ma ski kuchokera ku Norway, anatsika nawo phiri loyang'anana ndi Hahnenkamm lotchedwa Kitzbüheler Horn. Anzake anatengera, mu 1902 anakhazikitsa kalabu, imene mpaka lero ndi imene imakonza mpikisanowu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anamanga chingwe chokweza anthu m'timabokosi kupita pamwamba pa phiri, alendo anayamba kubwera, ndipo mpikisano woyamba wa Hahnenkamm unachitika mu Malichi 1931. Njira ya Streif inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1937. Wopambana chaka chimenecho, Thaddäus Schwabl, anatenga mphindi zitatu ndi masekondi 53, kuwirikiza kawiri nthawi ya masiku ano, ali pa ma ski a thabwa lenileni ndi nsapato zachikopa.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti malowa ndi msipu. Dzina la njirayi linachokera ku busa limene imadutsamo, ndipo chipale chikasungunuka, ng'ombe zimadya udzu pamalo omwewo pamene anthu amaulukira mu Januwale. Palibe simenti, palibe phula. Kukhota kwa njira kunatsatira mmene phiri lilili, mmene nkhalango inathera, mmene alimi ankadutsira kale.

Mwana wa m'tauniyi, Toni Sailer, anatenga mendulo zonse zitatu zagolide za masewerawa pa Olimpiki ya 1956 ku Cortina d'Ampezzo, ndipo atakula anakhala zaka zambiri akutsogolera mpikisano wa kwawo. Mu Januwale 1966, m'kanyumba ka m'mbali mwa njirayi kotchedwa Seidlalm, mtolankhani Serge Lang ndi aphunzitsi awiri a matimu, Honoré Bonnet wa ku France ndi Bob Beattie wa ku America, anakambirana zoti mipikisano yobalalika ya m'mayiko osiyanasiyana ikhale ligi imodzi. Ndi mmene World Cup ya masewerawa inabadwira, ndipo mu 1967, chaka chake choyamba, Jean-Claude Killy wa ku France ndi amene anapambana pa Streif.

Koma mbiri yeniyeni ya njirayi ili m'zigawo zake, pakuti chigawo chilichonse chili ndi dzina, ndipo dzina lililonse lili ndi anthu amene anapambanira kapena kuvulalira pamenepo. Tiyeni titsike nayo.

Munthu amatulukira m'kanyumba koyambira, mwendo wake n'kukankha kandodo kamene kamayambitsa wotchi. Palibe poti apumire kaye. Chitsetso choyamba n'chopendekeka kale kuposa 50 peresenti, ndipo masekondi khumi asanakwane amakhala wafika pa Mausefalle. Apa nthaka imangozimiririka kutsogolo. Kupendekeka kwake ndi 85 peresenti, kutanthauza kuti ukapita kutsogolo mamita 100 watsika mamita 85, pafupifupi madigiri 40. Amene wafika ndi liwiro lalikulu amauluka, ena mpaka mamita 80, asakuona pamene akatere. Luso pano si kuuluka patali ayi. Mumlengalenga munthu amataya nthawi ndipo mphepo ikhoza kumutembenuza, choncho katswiri amadzipinda, manja kutsogolo, kuti abwerere pansi msanga. Akangotera, chitsetso chimasanduka chathyathyathya mwadzidzidzi, ndipo thupi limakanikizidwa pansi ndi mphamvu yowirikiza katatu kulemera kwake. Miyendo yofooka imapindikira pomwepo.

Asanapume n'komwe pali kona yaikulu yozungulira, ndipo ikatha amalowa mu Steilhang. Apa, aphunzitsi, ndi pamene ndimafuna kuti ana anu ayang'anitsitse, chifukwa yankho la funso lanu lachitatu lili pano. Steilhang ndi khoma la madzi oundana, lokhala mumthunzi, ndipo kumapeto kwake njira imakhotera kumanja pamene nthaka ikupendekera kumanzere. Phiri likukukokera ku ukonde, iwe ukufuna kulowa m'kanjira kopapatiza ka m'nkhalango. Ukayamba kukhota mochedwa, uthera mu ukonde. Ukachita mantha n'kukhota mokokomeza, ma ski akukwekwereza m'mbali, upulumuka koma wataya liwiro. Ndipo kutaya liwiro pano n'kowawa kuposa pena paliponse, chifukwa chotsatira ndi Brückenschuss ndi Gschöss, chigawo chachitali chosapendekeka kwenikweni, pamene palibe chokukankha. Liwiro limene watuluka nalo mu Steilhang ndi limene udye nalo kwa masekondi ambiri otsatira. Mu 2008 Bode Miller wa ku America anatuluka pakona imeneyi ma ski ake atakwera pa chinsalu chotchinga m'mbali, n'kubwerera m'njira osagwa, ndipo anamaliza wachiwiri. Ambiri amene ayandikira chinsalucho chotero sanachite mwayi umenewo.

Pa chigawo chathyathyathyacho woonera wachilendo amaganiza kuti palibe chikuchitika. Munthu wangonyonyomala, mutu pansi, ndodo zake m'khwapa. Komatu mipikisano yambiri imatayika pamenepo. Kadzanja kakangotuluka kunja, mphepo yakugwira. Ma ski akapendekera pa mpeni wake m'malo mogona bwinobwino, akukumba. Pano ndi pamene ntchito ya munthu wosaoneka pa TV imaonekera, mmisiri amene wachezera usiku m'chipinda chapansi kunola m'mbali mwa ma ski ndi kupaka phula pansi pake, atasankha phulalo molingana ndi kuzizira ndi chinyezi cha tsikulo. Pa liwiro limeneli munthu amayenda mamita pafupifupi 30 pa sekondi imodzi. Wotchi imawerenga mpaka gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, ndipo gawo limenelo ndi masentimita 30, kutalika kwa rula ya m'kalasi mwanu.

Kenako pali Alte Schneise, pamene nthaka ndi yokumbikakumbika ndipo kuwala kumasinthasintha, kudumpha kwa pa Seidlalm, ndi Lärchenschuss. Apa ndidutsa mwachangu. Chofunika kudziwa n'chakuti pofika kumapeto kwa zigawo zimenezi munthu wakhala atanyonyomala kwa mphindi imodzi ndi theka, ntchafu zikuyaka moto, ndipo chovuta chachiwiri chikumudikira.

Hausbergkante ndi m'mphepete mwa phiri pamene otsika amatulukira pamaso pa khamu la anthu masauzande ambiri amene ali pansi. Amadumpha, ndipo akangotera ayenera kukhotera kumanzere mwamphamvu n'kudutsa chitsetso chopingasa, mwendo umodzi pamwamba wina pansi, pa madzi oundana okhala ndi mabampu. Ma ski amanjenjemera mochita kuoneka ndi maso. Akatsetserekera m'munsi kwambiri ataya njira yolowera chigawo chomaliza. Mu 2016 Aksel Lund Svindal wa ku Norway, amene ankatsogola pa ligi yonse chaka chimenecho, anagwa pano n'kuvulala bondo, chaka chake chinathera pomwepo. Amene wadutsa bwino amalowa mu Zielschuss, molunjika kumunsi, pamene liwiro limapitirira makilomita 140 pa ola. Michael Walchhofer anafika 153 mu 2006. Ndiye pali kudumpha komaliza, mzere womalizira uli pafupi, miyendo itatheratu.

Njira imeneyi siipezeka yokha m'mawa wa mpikisano. Imamangidwa chaka chilichonse. Makina amapopera madzi mumpweya wozizira kuti apange chipale chowonjezera, mathirakitala a m'chipale amachisalaza, ndipo anthu amalowetsa madzi mkati mwake ndi mapaipi kuti chiundane. Izi zimadabwitsa ambiri, koma chifukwa chake n'chomveka: chipale chofewa chimakumbika, wotsika wa nambala 40 akanapeza maenje amene woyamba sanawaone. Cholimba ndiye chachilungamo, ndipo pa liwiro lotere n'chosaopsa kwambiri kuyerekeza ndi chamaenje. Pamalo otsetsereka kwambiri, pamene makina sangafike, amagwira ndi anthu, mafosholo m'manja, zitsulo zosongoka kunsapato, ena atadzimangirira zingwe. Asilikali a dziko la Austria amathandiza nawo pamodzi ndi anthu odzipereka a m'deralo. Chipale chatsopano chikagwa usiku, amadzuka kusanache kukachichotsa. Amamanga maukonde makilomita ambiri, ena aatali opachikidwa pa mizati, ena aafupi oikidwa m'mizere kuti wogwa achepetse liwiro pang'onopang'ono, n'kuthira utoto wabuluu pansi kuti otsika aone pamene nthaka ikusinthira. Ndikamaonera mpikisanowu, anthu amenewa ndi amene ndimawalemekeza poyamba.

Tibwerere ku funso la luso ndi mantha. Yang'anani amene apambana kawirikawiri. Franz Klammer wa ku Austria anapambana mu 1975, 1976 ndi 1977, n'kudzapambananso mu 1984 anthu atayamba kumuiwala. Didier Cuche wa ku Switzerland, amene anaphunzira ntchito ya butchala, anapambana kasanu, kuposa wina aliyense: koyamba mu 1998, komaliza mu 2012 ali ndi zaka 37. Johan Clarey wa ku France anakhala wachiwiri mu 2023 ali ndi zaka 42. Kukanakhala kuti chofunika n'kusaopa basi, bwenzi akupambana ndi anyamata a zaka 20. Koma njirayi imakonda oidziwa. Popeza imadutsa malo omwewo chaka ndi chaka, munthu amaiphunzira kwa zaka zambiri, monga dalaivala wakale wa msewu wa Thabwa uja amadziwira kona imene imanyenga. Mpikisano usanachitike amaiyendera pang'onopang'ono ndi aphunzitsi awo, akuima pa kona iliyonse, ndipo malamulo salola munthu kupikisana asanatsikepo moyeserera. Mukaona wina pamwamba atatsinzina, manja akugwedezeka mumlengalenga, akutsika njirayo m'mutu mwake. Mantha ali nawo, ambiri amanena poyera. Chimene ali nacho choposa ife n'chakuti amadziwa pamene ayenera kulolera kutaya pang'ono kuti apeze zambiri kutsogolo.

Kwa zaka zambiri opambana anali a ku Ulaya kuposa ena onse, mpaka anyamata a ku Canada anasokoneza zinthu: Ken Read mu 1980, Steve Podborski mu 1981 ndi 1982, Todd Brooker mu 1983. Panadutsa zaka 42 kuti wa ku Canada wina, James Crawford, apambanenso mu 2025. Wopambana amalandira chosema cha mbuzi ya m'mapiri, chizindikiro cha tauniyo, ndipo dzina lake limalembedwa pa kabokosi kamodzi ka pa chingwe chokwezera anthu chija. Amayi ankapikisana pa phirili mpaka 1961. Masiku ano mpikisano wa World Cup pa Streif ndi wa amuna okha, ngakhale kuti Lindsey Vonn wa ku America anatsika njirayi usiku mu 2023 posonyeza kuti n'zotheka.

Za kavidiyo kaja ndili ndi mawu, ndipo ndikupemphani muwafikitse kwa anawo. Amene amagwa m'mavidiyo amenewa ndi ana a anthu. Brian Stemmle wa ku Canada anakodwa mu ukonde potuluka mu Steilhang mu 1989, n'kusweka mafupa a m'chiuno, moyo wake unali pangozi. Scott Macartney anamenyetsa mutu pa kudumpha komaliza mu 2008 mpaka chipewa chinachoka. Chaka chotsatira Daniel Albrecht wa ku Switzerland anagwa pamalo omwewo poyeserera, n'kukhala chikomokere kwa masabata atatu, ndipo ngakhale anabwerera pa masewerawa sanafikenso pamene anali. Hans Grugger anavulala mutu pa Mausefalle mu 2011. Ngozi zimenezi zinasintha njirayi: maukonde a pamalo oopsa anakutidwa ndi nsalu zoterera kuti ski isakodwe, kudumpha komaliza kwakhala kukusalazidwa kukaoneka kuti kukuponya anthu patali, ndipo tsopano otsika amavala chovala chamkati chimene chimafufuma chokha munthu akayamba kugwa. Ine ndili kumbali ya amene amati kusintha kumeneku n'koyenera, ngakhale ena amadandaula kuti njirayi ikufewetsedwa. Mpikisano suchepa kukoma chifukwa choti munthu wabwerera kwa mkazi wake ndi ana ake akuyenda yekha. Ndipo sindikondwa ndi mchitidwe wodula masekondi khumi a ngozi n'kumatumizirana, osafuna n'kudziwa ngati munthuyo anadzuka.

Streif si njira yokhayo yotchuka. Sabata imodzi m'mbuyo mwake amapikisana pa Lauberhorn ku Wengen, Switzerland, njira yaitali kuposa zonse, yopitirira makilomita anayi, pamene Clarey yemweyo anafika makilomita 161.9 pa ola mu 2013. Palinso Stelvio ku Bormio, Italy. Iliyonse ili ndi khalidwe lake, koma otsika ambiri akafunsidwa imene amaiopa ndi kuilakalaka, amatchula ya ku Kitzbühel. Mdani wake wamkulu ndi kutentha. Mu 1964, 1988 ndi 1993 mpikisano unalephereka chifukwa chipale chinasowa, ndipo makina opangira chipale nawonso sagwira ntchito kunja kukafunda. Anthu a m'chigwa chino, amene taona mvula ikusintha nyengo zake, nkhawa imeneyo sitingaione yachilendo.

Mwina mwana wina afunsa ngati munthu wa ku Africa angachite nawo. Lamine Guèye wa ku Senegal anapikisana pa Olimpiki ya ku Sarajevo mu 1984. Pa Olimpiki ya 2018 panali Sabrina Simader woimira Kenya, amene anakulira ku Austria, ndi Mialitiana Clerc woimira Madagascar, amene anakulira ku France. Mukuona nokha kuti chimene chimasowa si mtima kapena thupi, koma phiri la chipale pafupi ndi kwanu ndi ndalama zambiri. Malo apafupi ndi ife otsetserekapo ndi Afriski, m'mapiri a Lesotho, m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti.

Ngati mungapeze TV kapena intaneti yokwanira, mpikisano waukulu umachitika Loweruka, chakumapeto kwa Januwale, nthawi zambiri 11:30 m'mawa kwawoko, imene ndi 12:30 masana kuno. Musanaonere, apatseni anawo manambala atatu aja, 3,312, 860 ndi 111.58 (nthawi ya Strobl ija m'masekondi), awerengere okha liwiro, ndipo ajambule pa bolodi chitsetso cha 85 peresenti ndi rula. Poonera, asamangoyang'ana kudumpha. Pakona ya sikirini pamatuluka nthawi ya munthu poyerekeza ndi amene akutsogola, yobiriwira ngati ali patsogolo, yofiira ngati watsalira. Aone mmene aliyense akutulukira mu Steilhang, pafupi bwanji ndi chinsalu, ma ski akudula bwino kapena akukwekwereza, ndiye alosere mtundu wa nambala imene ituluke kumapeto kwa chigawo chathyathyathya chija. Akatsika anthu khumi, ana ambiri adzakhala atayamba kulosera molondola.